Bambo anga ndi miyala iwiri ya kuphiri

Tawerenganso funso lakolo, Yankho, koma pang'onopang'ono, makutu angawa sathamanganso. Eya, mwala wagwa kuchokera pamlatho, watenga masekondi akutiakuti kuti ufike pamadzi, ndiye akufuna kutalika kwa mlathowo. Tsono iwe ukuti aphunzitsi ako aiwala kulemba kulemera kwa mwalawo? Sendera kuno. Nawenso Tadala, ika pansi foniyo, siithawa. Ana inu mumaona ngati anganga anu anabadwa ali ndi ndodo m'manja ndi mpango kumutu. Funso lomwelo linandipeza ine ndili mtsikana wa Fomu 2, ndipo linatsala pang'ono kundikwatitsa.

Musaseke. Masiku amenewo homuweki sinali ngati yanuyi, yolembera pa tebulo magetsi akuyaka, wina akudina kamakina n'kumuuza yankho. Ife tinkalemba dzuwa lisanalowe, chifukwa palafini kwathu anali wa matenda, osati wa masamu. Ndikachoka kusukulu ndinkayamba ndatunga madzi, ndasinja, kenako n'kugadabuza mtondo womwewo, n'kuikapo kope. Pensulo ikafupika tinkailowetsa m'kabango kuti igwirike. Inu pensulo ikangothyoka nsonga mwataya.

Mudzi wathu unali m'munsi mwa phiri, mbali imene mtsinje wa Thuchila umatsikira. Makolo a bambo ndi a mayi anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo pakhomo tinkalankhula Chilomwe. Bambo tinkawaitana kuti atithi. Chilomwecho inu munachitaya, mumangodziwa kalongonda, ndiponso mumamukana kuti amatenga tsiku lonse pamoto.

Bambo anga, a Wayisoni, anali wosenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri. Kumwambako kunali anthu ocheka, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, sowo ikupita ikubwera. Ntchito ya bambo inali kutsitsa matabwawo pamutu mpaka kumsewu. Ankanyamuka ndi kamba wa makaka, chinangwa chouma chija, ndi botolo la madzi, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Mukanawaona akutsika, ana inu. Sikunali kuyenda, sikunalinso kuthamanga. Mawondo opindika, mapazi opanda nsapato akugwira miyala ngati manja, thabwa lalitali kuposa khonde lino likuvina pankhata, kutsogolo likukwera kumbuyo likutsika. Thupi lawo lonse linkanunkhira mkungudza. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo ndimacheuka. Pakati pa mutu wawo panalibe tsitsi, panali pouma ngati chidendene. Ndipo pa nthawi imene ndikunenayi, khosi linali litayamba kuwavuta.

Tsono muyenera kumvetsa chinthu chimodzi. Kwathu mwamuna ankakakhala kwa mkazi. Bambo anali mkamwini. Nyumba anamanga okha, munda ankalima okha, koma malo anali a kwa mayi, ndipo ife ana tinali m'manja mwa amalume, a Lapukeni, alongo awo a mayi. Mawu omaliza pa za ife anali awo. Bambo pa nkhani za pamudzi ankakhala kumapeto kwa mphasa, chipewa chili pabondo, osatsegula pakamwa.

Amalume sanali munthu woipa ayi. Ankagwira ntchito ya ulonda ku esiteti ya tiyi, ndipo anali ataona atsikana angapo akupita ku sekondale n'kubwerako ndi mimba. Nditasankhidwa kupita Fomu 1 anangogwedeza mutu. Nditafika Fomu 2, kapitawo wina wa ku esiteti komweko, munthu wa njinga ndi wailesi ndi nyumba ya malata, anawalankhula za ine. Amalume anauza mayi kuti teremu imeneyo ikatha, sukulu yatha. Ine ndinazimva ndili kuseri kwa nkhokwe. Bambo anali pomwepo ndipo sananene kanthu.

Ndinkapitabe kusukulu, koma ngati munthu amene akudya chakudya chotsanzikira. Aphunzitsi athu a sayansi anali a Mhango, ochokera kumpoto, ochepa thupi, Chichewa chawo chopindika moti tinkaluma milomo kuti tisaseke. Lachisanu lina anatiphunzitsa kuti chinthu chikamagwa liwiro lake limanka likukula, sekondi iliyonse kuposa yapitayo. Anati ukafuna kudziwa mtunda umene chagwa, uwerenge masekondi, uwachulukitse ndi masekondi omwewo, kenako uchulukitse kasanu, ndiye wapeza mamita. Mamitawo tinkangowamva m'kalasi. Kumsika wa Nkando nsalu ankayeza mayadi. Atatha analemba pabolodi funso la kunyumba, la mwala ndi mlatho, ngati lakoli.

Belu litalira ndinawatsatira pakhomo. Ndinagwada, poti masiku amenewo mphunzitsi sunkamulankhula utaima.

"Aphunzitsi, mwaiwala kutiuza kulemera kwa mwalawo."

"Sindinaiwale," anatero a Mhango. "Sikufunika."

"Nanga ukakhala waukulu?"

"Waukulu ndi waung'ono, ukaisiya pamodzi, ifika pamodzi. Ukundiyang'ana ngati ndaledzera. Usandikhulupirire ine, Feliya. Kayese."

Ndinayenda njira yonse mutu ukuzungulira. Munthu aliyense amene anasenzapo mtolo wa nkhuni amadziwa kuti cholemera chimathamangira pansi. Kodi aphunzitsi akanadziwa chiyani, manja awo osalala aja?

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo atagona chafufumimba pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mayi akuwathowa khosi ndi kansalu ka madzi otentha. Ndinagadabuza mtondo wanga chapafupi, n'kukhala ndikuyang'ana kope osalemba kanthu.

"Lero pensulo yadwala?" anafunsa bambo, nkhope ili pamphasa.

"Atithi, akuti mwala waukulu ndi waung'ono ikagwa pamodzi imafika pansi nthawi imodzi."

"Akutero ndani?"

"Aphunzitsi."

Anaseka, kuseka kwake n'kuthera m'kubuula chifukwa cha khosi lija. "Aphunzitsi akowo chibadwire anasenzapo kanthu? Ine thabwa likandipulumuka paphompho sindiliona n'komwe, ndimangomva kulira kwake pansi. Ndiye wina adziti likufanana ndi kamwala ka m'nsapato?" Kenako anati, "Ngati zimene ndikuthyokera khosi ndi zimenezi, ndiye kuti alamu akunena zoona."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a amalume. Ndinali ndisanadziwe kuti mumtima mwanga ndinkadalira bambo, ngakhale anali munthu wosalankhula. Misozi inagwera pakope. Ndinangoti, "Iwo anati ndisawakhulupirire. Anati ndikayese."

Bambo anatembenuza mutu movutikira n'kundiyang'ana. "Anatero?"

"Eya."

Koma m'mawa mwake, Loweruka, ndikusesa pabwalo, anatuluka ali ndi chingwe chachitali cha khonje paphewa, chimene ankati akabweze kwa ocheka matabwa. Anati, "Siya tsachelo. Tiye."

Ana inu phirili mumakwera ndi nsapato za mphira, mukujambulana, mukuimba. Ife atsikana tinkalekezera m'munsi motola nkhuni. Kumtunda kunali kwa amuna ndi kwa eni ake phiri, mizimu. Tisanayambe kukwera bambo anandilangiza kuti ndisaloze chala, ndisadandaule kutopa, ndipo ndikamva wina akundiitana dzina m'nkhalango ndisayankhe. Anali mkhristu wa pa benchi ya kutsogolo, koma za phiri sankaseweretsa.

Inali nyengo ya masika, chimanga chitauma, nandolo akuyamba maluwa, kamphepo kozizira kakutsika m'zigwa. Tinakwera kwa nthawi yaitali. Pena tinkapatuka kupereka njira kwa anzawo a bambo amene ankatsika ndi matabwa, akukuwa kuti tichoke chifukwa sakanatha kuima. Nditacheuka koyamba ndinakhala pansi osafuna. Dziko lonse limene ndinkalidziwa linali pansi pa mapazi anga. Mudzi wathu unali ngati njere zotayika. Mtsinje unali ulusi. Msewu wopita ku Nkando ndinauzindikira ndi fumbi la galimoto imodzi imene inkayenda ngati nyerere yodwala. Ndipo mtambo, ana inu, mtambo unali pansi pathu, ukukwawa m'chigwa. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu angaone msana wa mtambo.

Tinafika pathanthwe lina lalikulu pamene osenza matabwa ankapumira. Thanthwelo linasomphokera kunja ngati khonde, ndipo pansi pake, kutali, panali dziwe la madzi akuda, odekha. Bambo anaika chingwe pansi. Anafuna mwala waukulu ngati dzungu, ine anandipatsa wonga dzira la nkhuku.

"Ndikati tiye, usiye," anatero. "Osaponya. Kungotsegula dzanja."

Anagwada m'mphepete atakumbatira mwala wawo, ine ndinagona chafufumimba pambali pawo nditatambasula mkono. Ndikuuzeni zoona, ndinkadziwa kuti aphunzitsi aluza. Ndinkangoganiza za njinga ya kapitawo uja.

"Tiye."

Miyala ija inatsika ngati yamangidwa ndi ulusi wosaoneka. Waukulu sunasiye waung'ono, waung'ono sunatsalire. Inanka ikuchepa limodzi, kenako madzi anatseguka malo awiri pa nthawi imodzi, phokoso n'kubwera pambuyo.

Bambo anakhala chigwadire. "Unayamba iwe kusiya," anatero.

"Sindinayambe, atithi."

"Dikira."

Anakatenga ina, wina ngati papaya kudzanja lamanja, wina ngati mtedza kudzanja lamanzere. Anatambasula manja onse awiri, mitsempha ili njo, n'kutsegula zala okha. Chimodzimodzi. Mabwalo awiri a madzi anabadwa pamodzi, lalikulu ndi laling'ono, n'kumakula mpaka kukumana. Anasinthanitsa manja, poganiza kuti mwina dzanja lamanzere ndi laulesi. Chimodzimodzi. Anayesa ataima, anayesa atakhala. Miyala ya pafupi inatha, anayamba kukafukula ya m'tchire. Munthu amene dzulo lake ankabuula ndi khosi ankathamanga uku ndi uku ngati mwana.

Kenako anaima, nkhope ikuwala. Anathyola tsamba lalikulu la mtengo, n'kulisiya pamodzi ndi mwala. Mwala unafika kalekale, tsamba likadavinabe m'mwamba, likupita uku ndi uku.

"Nanga apa?" anatero. "Aphunzitsi ako akuti chiyani apa?"

Tinali tisanafike pamenepo m'kalasi. Ndinati, "Sindikudziwa."

Bambo anayang'ana tsamba lija mpaka linatera pamadzi. Anathyola lina, analiyang'ana mbali zonse, kenako analifinya m'dzanja, n'kulikulunga zolimba ndi kaluzi mpaka linakhala kampira. Analisiya ndi mwala. Ulendo uno linatsalira pang'ono pokha.

"Ndi mphepo," anatero motsitsa, ngati akulankhula okha. "Tsamba ndi lomwe lija, kulemera ndi komwe kuja. Likatambasuka mphepo imaligwira. Thabwanso limatero. Ukalipingasa pamtunda pali mphepo, limafuna kukunyamula." Ananditembenukira. "Ukawauze aphunzitsi akowo kuti ndi mphepo."

Nditawauza Lolemba, a Mhango anati ndi momwemodi, ndipo anandifunsa kuti bambo anga analekezera kalasi yanji. Ndinati sanapondepo. Koma ndisadumphe, tidakali pathanthwe.

Apa tsono mtima unali utabwerera m'malo, ndipo ndinalimba nawo. Ndinati, "Atithi, ndingathe kukuuzani kutalika kwa phompholi osatsikako."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula zamatsenga. "Wayamba kudzitama."

Wotchi tinalibe, koma a Mhango anali atatiphunzitsa kuwerenga masekondi ndi pakamwa, kuti wani sauzande, thu sauzande. Bambo ankasiya mwala, ine ndikuwerenga. Tinabwereza kangapo kuti ndisanamizidwe ndi lilime langa, ndipo nthawi zonse madzi ankatseguka ndikumaliza sekondi yachiwiri. Ndinatola kamwala kosongoka n'kulemba pathanthwe pomwepo. Ziwiri kuchulukitsa ndi ziwiri, zinayi. Zinayi kasanu, makumi awiri.

"Mamita makumi awiri," ndinatero. "Mita ndi yadi yoonjezera pang'ono. Mukayeza kuchokera paphewa ili kukafika kunsonga ya zala za dzanja linalo."

Bambo anamanga mwala kunsonga ya chingwe cha khonje chija, n'kuyamba kuchitsitsa. Ndinayamba kudandaula kuti ndanenanji, zinthu zinali zitayenda bwino kale. Mwala utakhudza madzi anamanga mfundo, n'kukoka chingwe chonse. Anayamba kuyeza monga amachitira ogulitsa nsalu, paphewa mpaka kuzala, akuwerenga m'Chilomwe. Atapitirira khumi mawu awo anayamba kuchepa. Anafika khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'dzanja n'kutsala kachidutswa kosakwana mkono, kenako mfundo.

Anakhala pansi, chingwe chili pamiyendo. Anavula chipewa. Ankayang'ana manambala anga pathanthwe, n'kuyang'ana kuphompho, n'kuyang'ananso manambala. Kusukulu ndinkapeza mayankho kuti aphunzitsi achonge ndi inki yofiira. Sindinkadziwa kuti phiri lenilenili, lokhala ndi mizimu yake, lingavomere zimene mtsikana walemba ndi kamwala.

"Pathanthwe pano ndapumirapo kuyambira ndili mnyamata," anatero bambo. "Iwe wafika lero." Anakhudza manambala aja ndi chala. "Ndiye kuti mwala uli ndi lamulo."

"Aphunzitsi amatero. Amati dziko limakoka chilichonse."

"Anauuza ndani mwalawo?"

"Sindikudziwa, atithi."

Mudziwe kuti masiku amenewo mawu oti lamulo tinkagona nawo n'kudzuka nawo. Diresi likalekeza pamwamba pa bondo, lamulo. Mwamuna tsitsi likatalika, lamulo. Pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani kufuna khadi, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi nkhuku yake. Tsono bambo anati, "Lamulo ili lilibe anyamata a zikwapu, koma palibe mwala ukuliphwanya." Kenako anafunsa, "Ineyo nditagwa pano, ndifika limodzi ndi kamwala kako?"

"Eya."

"Nanga bwana wa ku esiteti?"

"Nayenso."

"Nanga ngakhale..." Sanamalize. Anacheuka kuyang'ana m'tchire, ngakhale tinali awiriwiri pamwamba pa phiri. Anavala chipewa n'kunena kuti tizipita, ocheka akudikira chingwe chawo.

Patapita sabata, Lamulungu masana titabwera kutchalitchi, amalume anafika kudzanena tsiku limene a kwa kapitawo adzabwere kudzaonekera. Anakhala pampando, mayi pamphasa, bambo kumapeto monga mwa nthawi zonse. Ine ndinali m'khitchini, khoma lake la udzu, ndikumva zonse. Amalume atamaliza, panamveka kukhosomola, kenako mawu amene sindinkawayembekezera.

"Alamu, ndili ndi pempho," anatero bambo. "Mwanayu apitirize sukulu."

Amalume anadabwa kaye asanakwiye. "Alamu, mbumba iyi ndi ya yani?"

"Ndi yanu."

"Inu pamudzi pano munabwera ndi chiyani?"

"Bulangete ndi khasu."

"Tsono?"

"Mwana ndi wanu, sindikukana. Koma khosi limene likumulipirira ndi langa, ndipo silinadandaule kwa munthu."

"Mwaona chiyani chimene chakusinthani? Dzana lomweli munali chete."

Apa bambo anayamba kufotokoza za miyala, ndipo ine m'khitchini ndinagwira kumaso. Zimene zinali zazikulu pathanthwe paja, pabwalo pathu zinkamveka ngati nkhani ya munthu woledzera. Mwala ngati dzungu, mwala ngati dzira, tsamba, chingwe. Bambo sanali munthu wodziwa kuyala nkhani. Ankabwerera m'mbuyo, kuiwala, kuyambiranso. Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye tikane munthu wa nyumba ya malata chifukwa cha miyala? Tidzadya miyalayo?"

"Sindikudziwa chimene tidzadye," anatero bambo. "Koma mwanayu anayeza phompho ali pamwamba. Ine ndinaona ndi maso anga. Mutu umenewu sindingauperekeze kukaphikira kapitawo usanafike kumene ukupita."

"Mukudziwa kuti mkamwini wovuta amabwerera kwawo?"

"Ndikudziwa. Mukandithamangitsa ndizikagona kuphiri kwa ocheka, fizi ndizitumiza."

Mayi anga, amene chiyambire ankangotola timiyala mumpunga, anaika lichero pansi. Anati, "Achimwene, bambo awa chibwerere pamudzi pano munawamvapo akupempha kanthu? Maliro onse a pano manda amakumba ndi iwo. Denga la amayi anafolera ndi iwo. Lero apempha kamodzi."

Amalume anaimirira. Anati, "Akadzabwera ndi mimba musadzandiitane." Ndipo anapita osadya.

Sizinathere pomwepo ayi. Dimba la kumtsinje limene tinkalimamo masamba ndi mbatata analanda n'kupatsa ena. Chaka chimenecho ndiwo zinativuta, tinadya nandolo mpaka kumulota. Pamaliro ndi pamaukwati amalume ankadutsa bambo ngati akudutsa chitsa. Anadzayanjana ine nditayamba kale ntchito, pamene mwana wa amalume anadwala n'kubwera naye kwa ine. Koma bambo sanawathamangitse, ndipo a kwa kapitawo sanabwere.

Kuyambira pamenepo homuweki ya sayansi sinalinso yanga ndekha. Ndikangogadabuza mtondo, bambo ankakoka mphasa. "Lero akuti chiyani?" Funso likakhala la munthu wokankha bokosi pansi pokhakhala, ankafuna kudziwa ngati pansipo panyowa. Likakhala la mtengo wotukulira mwala, ankadzuka kukatenga musi ndi chitsa kuti tione. Tsiku lina ndinawawerengera kuti chinthu chikayamba kuyenda sichifuna kuima, ndipo chikakhala cholemera kuchiimitsa kumafuna mphamvu zambiri. Anamenya m'manja kamodzi. Anati, "N'chifukwa chake timakuwa potsika. Anthu amati ndi mwano." Ankasangalala kuti chinthu chimene mawondo awo ankachidziwa chinalembedwa m'buku, ndipo ine ndinkadabwa kuti za m'buku zinali m'mawondo a bambo anga.

A Mhango ankafunitsitsa kudzawaona, n'kukwera nawo kuthanthwe kuja. Sizinatheke. Tsiku lina tinangopeza mphunzitsi wina m'kalasi, n'kumva kuti a Mhango asamutsidwa. Masiku amenewo munthu akasamutsidwa mwadzidzidzi sunkafunsa kuti wapita kuti. Sindinawaonenso.

Mayeso a Fomu 2 ndinakhoza, ndipo bambo anasenzabe matabwa mpaka ndinamaliza Fomu 4. Kenako ndinaphunzira za umoyo, n'kuyamba ntchito yoyendera midzi, kubaya katemera ndi kukweza ana sikelo. Sikelo yake inali ija yokoloweka panthambi, mwana n'kumuika m'kabudula wa nsalu, iye akulira, muvi ukunjenjemera. Amayi ankangofuna kumva ngati mwana wakwera. Ine nthawi zonse ndikayang'ana muviwo ndinkaganiza kuti taonani, kamunthu kabadwa dzana, koma dziko lakadziwa kale ndipo likukakoka. Yankho, iwenso ndinakukweza, ndipo unandikodzera.

Mayi atamwalira ndinawatenga bambo kukakhala nane ku Milonde, kumene ndinkagwira ntchito. Pamenepo khosi linali litaumiratu. Mutu unaweramira kutsogolo moti ankangoona pansi ndi mapazi a anthu. Ankazindikira alendo ndi nsapato. Phiri limene analikwera moyo wawo wonse linali pomwepo, koma sankatha kuliona nsonga.

M'mawa wina wa nyengo yozizira anali pakhonde akuotha dzuwa, ine ndikukonzeka kupita kuntchito. Mayi anu, amene nthawi imeneyo anali kamtsikana kosavala nsapato, anathamanga kuchokera kuseri akuti mwezi waiwala kulowa, uli kumwamba dzuwa litatuluka. Bambo anaseka. Kenako anandiitana.

"Feliya, pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsa. Unati dziko limakoka chilichonse."

"Eya, atithi."

"Nanga mwezi bwanji sugwa?"

Ndinaika chikwama pansi. Zimenezi tinaphunzira ku Fomu 4, ndipo sindikudziwa chifukwa chake ndinali ndisanawauze. Ndinati, "Ukugwa."

"Usandiseke, ndakalamba."

"Sindikuseka. Mukaponya mwala chopingasa, umagwa uku ukupita kutsogolo. Mukaponya mwamphamvu umakagwera patali. Tsono dziko ndi lozungulira ngati lalanje. Mwala utathamanga kwambiri, pamene ukugwa, nthaka nayo ikhala ikupindikira pansi, kuuthawa. Uzingogwa, osafika. Mwezi ukuchita zimenezo."

Anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Kenako anati, "Tayala mphasa pabwalopo."

Ndinayala. Anagwira mkono wanga, tinatsika pakhonde, ndipo ndinawagoneka chagada pang'onopang'ono, mayi anu atapinda chitenje kuti atsamire. Kanali koyamba pa zaka zambiri kuti nkhope yawo iyang'ane kumwamba. Anaphethira ndi kuwala, misozi ya dzuwa ikutsikira m'makutu, mpaka anaupeza. Unali wotuwa, wodyeka mbali imodzi, uli phee pakati pa thambo loyera.

"Panopa ukugwa?"

"Panopa."

"Chiyambire?"

"Chiyambire, atithi."

Amayi ena opita kumsika ndi madengu a nthochi anaima pamsewu, poganiza kuti agogo akomoka. Mmodzi anafunsa ngati tikufuna thandizo. Ine nthawi ya ntchito inali itakwana kale, ndipo ndinawerama kuti ndiwadzutse. Anandigwira dzanja osachotsa maso kumwamba.

"Pita kuntchito, ana akudikira sikelo," anatero. "Ine ndisiye pompano. Ndiuperekeze pang'ono."